MUTU 9: "DATA IS" KAPENA "DATA ARE"? DZINA LIMENE LIMAKANGANITSA APHUNZITSI A CHINGEREZI

Mawu oyamba

M'mutu wapitawu tinakambirana za mgwirizano wa dzina ndi mneni m'chiganizo cha Chingerezi. Tinaona kuti dzina la chinthu chimodzi limatenga *is* kapena *has*, pamene dzina la zinthu zambiri limatenga *are* kapena *have*. Lamuloli ndi losavuta, ndipo ophunzira athu amaligwira msanga. Koma alipo mayina ena ochepa amene salitsatira bwinobwino, ndipo m'mutu uno titenga limodzi mwa iwo, dzina lakuti *data*, n'kulisenda pang'onopang'ono.

Mwina mukufunsa kuti dzina limodzi lokha lingatenge bwanji mutu wathunthu. Chifukwa chake n'chakuti dzinali lili pakamwa pa ophunzira anu tsiku ndi tsiku, lili m'mabuku awo a sayansi ndi masamu, ndipo aphunzitsi ambiri amalichonga molakwika. Komanso mukamvetsa nkhani ya *data*, mwamvetsa momwe chiyankhulo chimasinthira, ndipo nzeru imeneyo idzakuthandizani pa mawu ena ambiri.

Patulani maola awiri kuti muwerenge mutuwu ndi kuchita ntchito zake. Khalani ndi kope, cholembera ndi mtanthauziramawu wa Chingerezi ngati muli naye.

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno muyenera kutha:

1. kufotokoza kumene dzina lakuti *data* linachokera ndi momwe tanthauzo lake lasinthira;
2. kusiyanitsa pamene *data is* ikuyenera ndi pamene *data are* ikuyenera;
3. kugwiritsa ntchito zitsanzo za m'Chichewa pofotokoza mayina osawerengeka;
4. kuchonga ntchito ya ophunzira mwachilungamo pa dzinali;
5. kukonza phunziro la ola limodzi la ophunzira achikulire.

9.1 Zimene zinachitika m'kalasi ina ku Waterfalls

Ndiyambe ndi nkhani. Madzulo ena ndinapita kukaonerera mphunzitsi wachinyamata amene ankaphunzitsa kalasi ya akuluakulu m'holo ya tchalitchi china ku Waterfalls, kummwera kwa mzinda wa Harare, chakufupi ndi msewu wa Simon Mazorodze. Ambiri mwa ophunzirawo anali adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury. Kunyumba amasakaniza Chichewa ndi Chishona. Ena ankachokera ku Mbare ndi ku Highfield, ndipo ankabwera ataweruka kale ku ntchito kapena ku msika, akufuna kudzalembanso mayeso a Chingerezi a ZIMSEC amene anawalephera ali achinyamata.

Mphunzitsiyo anawapatsa ntchito yolemba kalata yopepesa. Mayi wina wa zaka za m'ma 40, wogulitsa masamba, analemba kuti: *I did not send the work because my data was finished.* Mphunzitsi anadula *was* ndi cholembera chofiira n'kulemba *were* pamwamba pake. Kenaka anauza kalasi yonse kuti *data* ndi dzina la zinthu zambiri, ndipo aliyense wonena *data is* sadziwa Chingerezi.

Mayi aja anakweza dzanja mwaulemu. "Pepani aphunzitsi, ndiye kuti uthenga umene umabwera pa foni, ndi ana anga amene ali ku sekondale, ndi a pa wailesi, onsewo amalakwitsa?"

"Ee amayi, amalakwitsa onsewo," anatero mphunzitsi.

Mayi aja sanayankhulenso mpaka kalasi inatha. Titatuluka anandipeza panja n'kundinong'oneza kuti: "Inu abambo, Chingerezichi mwina si cha ife. Chimene ndimayesa kuti ndachigwira, ndicho akuti ndalakwa."

Taonani pamene pagona nkhani. Chiganizo cha mayi aja chinali cholondola. Chimene mphunzitsi analemba m'malo mwake, *my data were finished*, palibe munthu woyankhula Chingerezi amene anganene pokamba za foni. Mphunzitsiyo sanali waulesi ayi. Anakumbukira lamulo limene anaphunzitsidwa ku koleji, koma analigwiritsa ntchito pamalo posayenera. Mwana wa sukulu ukamuchonga molakwika, mawa abweranso chifukwa makolo amutumiza. Munthu wamkulu palibe womutumiza. Akachita manyazi pagulu, amangokhala kunyumba basi.

Ntchito 1

Musanapitirire, lembani m'kope mwanu mayankho a mafunso awa:

1. Inuyo mukanachonga bwanji chiganizo cha mayi aja?
2. Lembani ziganizo zitatu za Chingerezi zimene munamvapo kapena kuwerengapo sabata ino zokhala ndi *data*. Mneni wake anali wa chimodzi kapena wa zambiri?
3. Mukamayankhula Chichewa, mumati "data yatha" kapena "data zatha"?

Sungani mayankho anu. Tidzabwererako.

9.2 Kumene dzinali linachokera

*Data* si mawu a Chingerezi chenicheni. Ndi mawu obwereka kuchokera ku Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale. M'Chilatini muli mneni wakuti *dare*, kutanthauza kupatsa. Kuchokera ku mneniyu kunabwera *datum*, chinthu chopatsidwa, ndi *data*, zinthu zopatsidwa. Mayina a gulu limeneli m'Chilatini amathera ndi *-um* chikakhala chimodzi, ndipo amathera ndi *-a* zikakhala zambiri. Choncho pa chiyambi mphunzitsi wathu uja sananame: m'Chilatini *data* ndi zinthu zambiri.

Mawuwa analowa m'maphunziro kudzera m'masamu. Euclid, katswiri wa masamu amene ankakhala ku Alexandria, ku Egypt, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, analemba buku limene m'Chigiriki linkatchedwa *Dedomena*, ndipo omasulira m'Chilatini analitcha *Data*. Ganizo lake ndi lomwe mumalidziwa kale pa samu iliyonse: pali zimene wapatsidwa, ndipo pali zimene ukufuna kupeza. Akakuuza kutalika ndi kufupika kwa munda n'kukufunsa kukula kwake, kutalika ndi kufupikako ndiye *data*. Sukangana nazo. Umangozilandira n'kuyambirapo.

M'Chingerezi dzinali linayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1600. Chimodzi mwa zitsanzo zakale kwambiri zodziwika chili m'zolemba za m'busa wina wa ku England, Henry Hammond, za m'chaka cha 1646. Iye analigwiritsa ntchito ponena za mfundo za chipembedzo zimene ankaziona kuti n'zopatsidwa kale, zosafunika kutsutsana. Nthawi imeneyo anthu ophunzira ku England ankadziwa Chilatini kuyambira ali ana, motero kwa iwo *data are* inkamveka mwachibadwa. Komabe ngakhale m'zaka za m'ma 1700 analipo kale olemba ena amene ankalitenga dzinali ngati chinthu chimodzi. Mkanganowu si wa lero ayi.

9.3 Momwe tanthauzo linasinthira

Tanthauzo la *data* layenda masitepe atatu. Ndi bwino kuwadziwa chifukwa mneni amatsatira tanthauzo.

Loyamba: zopatsidwa. Ili ndi tanthauzo la Euclid ndi Hammond: mfundo zimene umayambirapo.

Lachiwiri: zotoleredwa. M'kati mwa zaka za m'ma 1700, pamene sayansi yoyeza ndi kuwerengera inkakula, dzinali linayamba kutanthauza zinthu zimene munthu wazipeza yekha poyeza, pofunsa kapena poonetsetsa. Katswiri wa mbiri Daniel Rosenberg anafufuza kusinthaku ndipo anakufotokoza m'nkhani yake ya mu 2013. Tanthauzoli ndi limene mabungwe a kalembera amagwiritsa ntchito. Bungwe la ZIMSTAT litawerenga anthu mu 2022 n'kupeza kuti m'Zimbabwe muli anthu oposa 15 miliyoni, kapena a National Statistical Office ku Zomba atapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi mu 2018, manambala onse amene owerenga anatolera khomo ndi khomo ndiwo *data*. Apa munthu akhoza kuganiza za nambala iliyonse payokha, motero *data are* imamveka.

Lachitatu: zosungidwa ndi kutumizidwa ndi makina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, makompyuta atayamba, *data* inakhala dzina la zonse zimene makina amasunga ndi kutumiza. Mawu akuti *data processing* anafala m'zaka za m'ma 1950, ndipo *database* inabwera m'zaka za m'ma 1960. Anthu a makompyuta sankawerenga *data* imodziimodzi. Ankaiyeza muyeso, monga timayezera ufa kapena mafuta. Kuchokera pamenepa ndi pamene panabadwa *data* ya pa foni, imene timagula kwa Econet kapena NetOne kuno, kapena kwa TNM ndi Airtel ku Malawi. Econet inayamba kupereka intaneti ya pa foni ya 3G mu 2009, ndipo m'zaka zochepa chabe mawu amene kale ankangomveka ku yunivesite anafika mpaka kwa agogo ofuna kuyankhula pa WhatsApp ndi mdzukulu wawo ku Johannesburg.

Nanga *datum* anapita kuti? Sanafe, koma anasamukira kwa oyeza malo. Mukatenga mapu akale a boma a Zimbabwe, Zambia kapena Malawi, m'munsi mwake mukhoza kupeza mawu akuti *Arc 1950*. Imeneyo ndi *datum*, maziko amene miyeso yonse ya pa mapu imayambirapo. Ndipo chodabwitsa n'chakuti oyeza malowo akamanena za maziko angapo amati *datums*, osati *data*. Kunena kwina, mawu awiriwa anapatukana, lililonse linamanga banja lake.

9.4 Anzake a *data*

*Data* sali yekha. Mayina angapo anayenda njira yomweyi, ena anafika, ena akadali pa njira.

*Agenda*. M'Chilatini ndi zinthu zambiri zoyenera kuchitidwa, ndipo chimodzi ndi *agendum*. Lero mlembi wa bungwe lothandizana pa maliro ku Mbare amati *the agenda is long*, ndipo palibe womudzudzula. Zikachuluka amati *agendas*. Dzinali linafika kale.

*Media*. Limachokera ku *medium*. Ponena za nyuzipepala, wailesi ndi wailesi yakanema pamodzi, mumva *the media is* komanso *the media are*. Lili pakati pa njira.

*Criteria* ndi *phenomena*. Awa ndi a Chigiriki, ndipo chimodzi ndi *criterion* ndi *phenomenon*. M'zolemba zosamalitsa akadali mayina a zinthu zambiri. Wophunzira akalemba *a criteria*, mukonzeni.

*Bacteria*. M'buku la sayansi ndi zambiri, ndipo kamodzi ndi *bacterium*.

Palinso mayina amene anayenda chobwerera. Nsawawa zachizungu kale zinkatchedwa *pease*, dzina losawerengeka ngati mpunga. Anthu atamva kaliwu ka *z* kumapeto anayesa kuti ndi zambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1600 anapanga *pea* kutanthauza kamodzi. *Cherry* nayenso anabadwa chimodzimodzi kuchokera ku mawu a Chifalansa chakale akuti *cherise*. Palibe lero amene amachonga *pea* kuti ndi cholakwa.

Phunziro lake ndi ili: kumene mawu anachokera kumatiuza mbiri yake, koma sikulamula momwe akugwirira ntchito lero. Munthu amene agogo ake anabadwira ku Dedza koma iye anabadwira ndi kukulira ku Highfield, mbiri yake ndi ya ku Dedza, koma njira za makombi zimene amazidziwa ndi za mu Harare.

9.5 Chichewa chimachitanso zomwezo

Apa ndi pamene inu muli ndi chida chimene mphunzitsi wa ku London alibe. Chichewa chili pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013, ndipo palibe chochititsa manyazi kuchigwiritsa ntchito pofotokoza Chingerezi. Taonani momwe ife timachitira ndi mawu obwereka.

Banzi. M'Chingerezi *buns* ndi ambiri, limodzi ndi *bun*. Ife tinatenga *buns* n'kupanga "banzi" limodzi, kenaka tinaikapo "ma-" wathu kuti akhale "mabanzi". Kodi munamvapo wina akukalipira mwana kuti "usamati banzi limodzi, chifukwa kwa eni ake ndi ambiri"?

Chipisi. *Chips* ndi zambiri. Koma poti mawuwa amayamba ndi "chi-", khutu lathu linawaika m'gulu la Chi-Zi, ndipo timati "chipisi chapsa", ngati kuti ndi chinthu chimodzi.

Machesi. *Matches* amayamba ndi "ma-", ndiye tinawaika pamodzi ndi madzi ndi mafuta: "machesi atha". Tikafuna kamodzi sitinena "chesi", timati "kamtengo ka machesi".

Anzathu a Chiswahili anachitanso chimodzimodzi. Anabwereka *kitab* ku Chiarabu, anamva "ki-" koyambirira, ndipo lero amati *kitabu* limodzi, *vitabu* ambiri.

Tsono bwererani ku yankho lanu la funso 3 la Ntchito 1. Ndikhulupirira munalemba "data yatha". Anansi athu a Chishona amati *data rapera*. Ziyankhulo zonse ziwiri zinalilandira dzinali ngati chinthu chimodzi. Chingerezi chinachita kwa Chilatini zomwe Chichewa chinachita kwa Chingerezi. Mlendo akakhazikika pamudzi amatsata mwambo wa pamudzipo.

Ntchito 2

1. Pezani mawu ena atatu obwereka m'Chichewa kapena m'Chishona amene kwa eni ake ndi zinthu zambiri koma kwa ife ndi chimodzi. Yambani ndi zovala ndi zakudya.
2. Lembani gulu la mayina limene lililonse linalowamo, ndipo perekani chiganizo choonetsa mgwirizanitsi wake.
3. Funsani munthu wachikulire wa kwanuko ngati mawuwo ankanenedwa choncho iye ali mwana. Paja safunsa anadya phula.

9.6 Mayina owerengeka ndi osawerengeka

Ophunzira ambiri amaganiza kuti mayina a Chingerezi ali m'magulu awiri okha: chimodzi ndi zambiri. Alipo achitatu, mayina osawerengeka, monga *water*, *sand*, *sugar*, *information*, *furniture* ndi *news*. Mayinawa amatenga mneni wa chimodzi, koma salola *a* patsogolo, salola nambala, ndipo salola *-s* wochulukitsa.

Pofotokoza, tengani mchenga wodzaza dzanja. Muli timiyala tambirimbiri, koma timati "mchenga wanyowa", osati "yanyowa". Sitiwerenga mchenga, timauyeza ndi ndowa kapena wilibala. Munthu akamati *the data is*, sakunena kuti pali chinthu chimodzi. Akuona mulu wonse pamodzi ngati mchenga. Akamati *the data are*, akuona timiyala tija patokhapatokha.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. M'Chichewa mayina ena osawerengeka monga madzi, mafuta ndi magazi amatenga mgwirizanitsi wofanana ndi wa zinthu zambiri: "madzi atha", monga "mabuku atha". N'chifukwa chake wophunzira wathu nthawi zina amalemba *the water are*. Muuzeni poyera kuti apa ziyankhulo ziwirizi zimasiyana, ndipo gwiritsani ntchito mchenga, mchere kapena ufa, amene amayenda mofanana ndi Chingerezi.

Tsono onani mawu amene amayendera limodzi:

Njira yoyamba, losawerengeka: *this data, much data, less data, the data shows, it is*.

Njira yachiwiri, zambiri: *these data, many data, fewer data, the data show, they are*.

Zosaloledwa m'njira zonse ziwiri: *a data, datas, three data*. Wofuna kunena kamodzi anene *a piece of data* kapena *a data point*, monga ife timanenera "kamtengo ka machesi".

9.7 Kodi olemba a masiku ano akuti chiyani?

Chingerezi chilibe bungwe limodzi lolamula chiyankhulo. Chimene chilipo ndi mabuku a malangizo amene nyuzipepala ndi mabungwe a maphunziro amalembera olemba awo, ndipo mabukuwa sagwirizana.

Nyuzipepala ya *The Guardian* ya ku Britain imatenga *data* ngati dzina la mneni wa chimodzi, mofanana ndi *agenda*. *The Wall Street Journal* ya ku America inalengeza mu 2012 kuti ivomereza njira zonse ziwiri. Bungwe la atolankhani la Associated Press linasintha malangizo ake mu 2019: polembera anthu wamba, mneni wa chimodzi, m'zolemba za sayansi ndi za maphunziro apamwamba, mneni wa zambiri. Koma malangizo a American Psychological Association, amene mayunivesite ambiri amatsata polemba kafukufuku wa zamaphunziro, amafunabe *data are*.

Choncho funso loyenera si lakuti "cholondola n'chiti?" Funso ndi lakuti "ndi *data* iti, ndipo akulembera yani?"

Katchulidwe nakonso kali pawiri: ena amati "deita", ena "daata". Zonse n'zovomerezeka. Musataye nthawi ya kalasi pa zimenezi.

9.8 Malangizo pochonga

1. *Data* ya pa foni ndi ya pa kompyuta: mneni wa chimodzi nthawi zonse. *My data is finished. How much data do you need?* Apa *are* ndiye cholakwa.
2. Kalata, chimangirizo ndi nkhani wamba: landirani njira zonse ziwiri.
3. Lipoti la kafukufuku kapena la sayansi: phunzitsani *the data show*, ndipo fotokozani chifukwa chake, kuti owerenga ena a zolemba zotere amayembekezera zimenezo. Izi n'zofunika masiku ano chifukwa kuyambira 2024 ana a sukulu m'Zimbabwe amachita mapulojekiti a pa sukulu m'malo mwa CALA, ndipo ambiri amatolera manambala n'kulemba lipoti.
4. Kusasakaniza: amene wayamba ndi *this data* amalize ndi *is*. Chiganizo ngati *This data are wrong* chichongeni, osati chifukwa cha Chilatini, koma chifukwa *this* ndi *are* sayendera limodzi.
5. Pokayika m'chipinda cha mayeso: wophunzira akhoza kuzemba msampha posankha mawu ena. *The figures show*, *the results show* ndi *the information shows* alibe mkangano uliwonse.
6. Mukalakwitsa inuyo, vomerani. Mphunzitsi wa ku Waterfalls uja tinakhala naye pansi, tinatsegula mtanthauziramawu limodzi, ndipo anaona yekha kuti njira zonse ziwiri zalembedwamo. Sabata yotsatira anaima kutsogolo n'kunena kuti: "Amayi, munalemba bwino, wolakwa ndinali ine." Ulemu wake sunachepe. Mafunso m'kalasimo anachuluka.

9.9 Chitsanzo cha phunziro la ola limodzi

Paulo Freire, mphunzitsi wa ku Brazil amene anaphunzitsa anthu akuluakulu kuwerenga ku Angicos mu 1963, ankayamba ndi mawu otengedwa m'moyo wa ophunzira eni ake. Kwa ophunzira athu a m'tauni, *data* ndi mawu otero, chifukwa amakhudza thumba lawo.

Zofunika: mchenga m'mbale, timiyala khumi, bolodi, choko, mafoni a ophunzira.

Mphindi 10. Funsani m'chiyankhulo chawo: mumagula data kangati pa sabata? Imathera chiyani? Lembani mayankho awo pa bolodi momwe awanenera. Dulani mzere kunsi kwa agwirizanitsi: data yatha, data yanga.

Mphindi 10. Ikani mchenga ndi timiyala pa tebulo. Wina awerenge timiyala. Wina ayese kuwerenga mchenga. Akaseka, lembani *How many stones?* ndi *How much sand?*

Mphindi 15. Awiriawiri, ophunzira afufuze m'mafoni mwawo mauthenga a Chingerezi okhala ndi *data*, ndipo akopere ziganizo ziwiri. Akambirane: ikuyenda ngati mchenga kapena ngati timiyala? Musalole kuti wina awerenge uthenga wachinsinsi wa mnzake.

Mphindi 15. Chitani kafukufuku wamng'ono m'kalasi momwemo: aliyense anene mphindi zimene amayenda kuchokera kunyumba. Lembani manambalawo pa bolodi. Auzeni kuti imeneyinso ndi *data*, ndipo alembe chiganizo chimodzi m'njira ziwiri: *This data shows that...* ndi *These data show that...*

Mphindi 10. Fotokozani mbiri mwachidule, pogwiritsa ntchito banzi ndi machesi. Mbiri ibwere kumapeto, osati koyamba. Wophunzira aone kaye chinthucho chikugwira ntchito, kenaka amve kumene chinachokera.

Musathamange. Ena adzagwira tsiku lomwelo, ena pakapita masabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwachidule

M'mutu uno taona kuti *data* linachokera ku Chilatini, kumene linali dzina la zinthu zambiri, ndipo linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600. Tanthauzo lake linachoka pa zopatsidwa, kufika pa zotoleredwa, kenaka pa zosungidwa ndi makina. Lero limagwira ntchito m'njira ziwiri: ngati dzina losawerengeka lotenga *is*, ndi ngati dzina la zinthu zambiri lotenga *are*. Taonanso kuti Chichewa chimasintha mawu obwereka mofananamo, ndipo takambirana momwe tingachongere popanda kufooketsa wophunzira wamkulu.

Mafunso odziyesa

A. Nenani ngati chiganizo chili cholondola kapena ayi, ndipo perekani chifukwa.

1. *I bought a data yesterday.*
2. *How much data is left on your phone?*
3. *These data was collected in Mbare.*
4. *The census data show that the city has grown.*
5. *The agenda are on the table.*
6. *She lost all her datas.*

B. Fotokozani m'ndime imodzi chifukwa chimene mfundo yakuti "m'Chilatini ndi zambiri" siyokwanira pa yokha.

C. Wophunzira wanu wa zaka 50 wafunsa kuti: "Aphunzitsi, ingondiuzani chimodzi, ndilembe chiti?" Mungamuyankhe bwanji m'ziganizo zitatu?

Mayankho

A. 1. Cholakwa: *data* salola *a*. Anene *some data* kapena *a data bundle*. 2. Cholondola. 3. Cholakwa: asankhe *These data were* kapena *This data was*. 4. Cholondola, ndipo *shows* ikanalandiridwanso m'nkhani wamba. 5. Cholakwa: *agenda* lero amatenga *is*. 6. Cholakwa: palibe *datas*.

B. Yankho lanu litchule *agenda* kapena *pea*, ndi chitsanzo chimodzi cha m'Chichewa.

C. Palibe yankho limodzi lokha. Yankho labwino limupatse chogwira m'manja, mwachitsanzo: pa foni ndi pa nkhani za tsiku ndi tsiku alembe *is*, pa lipoti la sayansi alembe *are*, ndipo chimene wayamba nacho amalize nacho. Bweretsani yankho lanu la gawo C ku msonkhano wotsatira wa gulu lanu lophunzirira limodzi, kuti mukaliyerekeze ndi la anzanu musanayambe Mutu 10.